Mapu a Final Fantasy akutuluka ngati chitenje chong'ambika, thandizeni

Yami: Mwaswera bwanji nonse. Pali chinthu chandizunguza mutu kuyambira Lachisanu. Ndikufuna nditulutse mapu onse a dziko la Final Fantasy yoyamba ija ya pa NES, makina akale a magemu a Nintendo aja, akhale chithunzi chimodzi ndisindikize ndimate kuchipinda kwanga, nde ndalemba kapulogalamu ka Python kowerenga ROM, fayilo ya zomwe zili mukatiriji ya gemu, koma chomwe chikutuluka mmm, timizeremizere tokhatokha, palibe nyanja palibe phiri, ngati TV yopanda eriyo

Yami: ndasakasaka mufayilo monse chithunzi cha mapu sindikuchipeza

Dalitso: kkkkk iwe anzako akusaka ntchito iwe ukusaka mapu a gemu ya 1987

Yami: adha inu mesa mumakhalira kukuwa Copacabana Copacabana tsiku lonse kuitanira anthu ma minibasi a mu Harare, ndisiyeni nane ndikuweko zanga

Thoko: Yami chithunzi sungachipeze chifukwa mulibemo. Tawerengera wekha. Dziko limenelo ndi mabwalo 256 m'litali 256 m'lifupi, bwalo lililonse ma pixel 16 kwa 16, nde chikanakhala chithunzi bwenzi chili 4096 kwa 4096, ma pixel opitilira 16 miliyoni. Katiriji yonse ndi 256KB basi, ndipo momwemo muli nyimbo, zilombo, mawu onse olankhula, code, zonse. Chomwe chili mkatimo ndi malangizo omangira mapu, gemu imamanga yokha ukamayenda

Ankolo Banda: Thoko wanena zoona. Ine ndatsegulapo ma TV game ambirimbiri nthawi imeneyo ana akubwera nawo atapsa adaputa, mkati mwa katiriji simuona chachilendo, ka bolodi ndi ka phula kakuda kodontheza basi. Ana amaganiza kuti Mario akukhala momwemo

Dalitso: ankolo zachikasu zija zolembedwa 9999999 in 1 koma magemu ake asanu okha kkkk

Ankolo Banda: Zomwezo mphwanga. Ndipo zachikasu zijazo simunkapezamo Final Fantasy, munali Contra, Mario, ya akasinja ija ndi ya abakha owombera ndi mfuti. Magemu a nkhani zazitali amafuna batire mukatiriji kuti usunge pomwe wafika, opanga zotchipa sakanaika

Thoko: Tiyambe pansi Yami kuti uone pomwe wasochera. NES sidziwa kujambula chithunzi mwaufulu, imadziwa kuyala matailosi. Tailosi imodzi ndi 8 kwa 8, mitundu inayi, imadya ma byte 16. Matailosi amakhala mu pattern table, imodzi imanyamula 256. Kenako pali nametable, yomwe ndi ndandanda chabe wonena kuti pakona apa ika tailosi nambala yakuti, pambali pake yakuti, 32 kwa 30, ma byte 960. Otsala 64 kuti zikwane 1024 ndi a mitundu, attribute table

Thoko: nde apa mvetsera, mtundu sungausinthe pa tailosi iliyonse, umasintha pa kabwalo ka 16 kwa 16. Ndi chifukwa chake pafupifupi ma RPG onse a pa NES, magemu a nkhani zazitali aja, mtengo, phiri, khomo, munthu amene, zonse ndi 16 kwa 16. Makinawo ndi omwe anawakakamiza, sikuti ojambula anangokonda choncho. Matailosi anayi ophatikiza aja amawatcha metatile ndipo mapu amasunga nambala ya metatile, osati ya tailosi

Madala Mbewe: Ana inu mukunena za chikombole apa. Woumba njerwa sajambula njerwa iliyonse, ali ndi chikombole chimodzi, amangoponya dothi. Pulani ya nyumba nayo silemba njerwa, imangoti khoma apa zenera apa

Thoko: Eya madala ndi momwemo ndithu. Kungoti zikombole zake zilipo zambiri, china cha udzu china cha madzi china cha ngodya ya phiri

Madala Mbewe: Tsono nyumba za ku Dzivarasekwa kuno ku Harare ndi gemu yanuyo. Chikombole chimodzi mzere wonse, mlendo amagogoda pakhomo la eni

Yami: Chabwino asisi zimenezo ndamva, nde ndinaganiza kuti byte imodzi bwalo limodzi, ndawerenga ma byte 65,536 motsatana nkuwayala 256 pa mzere. Ndi zomwe zatulutsa nyansizi

Thoko: Apo pomwe. 65,536 ndi 64KB, gawo limodzi mwa magawo anayi a katiriji yonse kungothera mapu amodzi, sakanalola. Anapanikiza. Njira yake imatchedwa run length encoding, RLE. M'malo molemba nyanja nyanja nyanja ka 40 amalemba nyanja kamodzi kenako 40. Mu Final Fantasy lamulo lake ndi ili: byte ikakhala yochepera 0x80 (128 polemba mu hex) ndi bwalo limodzi lokha, ika upite. Ikakhala 0x80 kupita m'mwamba chotsapo 0x80 upeze nambala ya bwalo, byte yotsatira ikuuza kuti ulibwereze kangati. Ukakumana ndi 0xFF, yomwe ndi 255, mzere watha

Thoko: ndipo mizere siyofanana kutalika ikapanikizidwa, wina ma byte atatu wina makumi angapo, nde kutsogolo kuli tebulo la ma pointer 256, iliyonse ikuloza pomwe mzere wake wayambira. Uyambe ndi tebulolo

Mai a Tadala: Ndangolowa ndapeza mameseji 30 ndimayesa kwagwa maliro kkkk. Koma zomwe akunena Thokozi ndi za juzi izi. Pepala la kalukidwe sililemba diso lililonse, limati luka 12 ofiira, 3 oyera, bwereza mpaka mzere uthe. Amayi anga ankaluka osayang'ana n'komwe pepala, manambala ali m'mutu

Thoko: Anti ndinu programmer inu simumadziwa chabe

Mai a Tadala: Ndilipireni ndiye kkkk. Koma ukaphonya diso limodzi pamzere wachitatu maluwa onse a pachifuwa amapendekeka, umakazindikira wafika kukhosi. Mwina mwanayu waphonya diso

Gift: Anti mwalasa. Yami fayilo yako ndi ya .nes eti? Kumayambiriro kwake kuli ma byte 16 omwe sali a gemu, ndi header ya iNES, tsegula mu hex editor uona zilembo NES kenako 1A. Ukaiwala kuwadumpha chilichonse chimasuntha ndi 16 ndipo pointer iliyonse ikuponya pakati pa mzere wa eni

Gift: china, ma pointer aja ndi ma address a CPU, osati a fayilo. CPU ya NES, 6502, imaona 64KB yokha ndipo katiriji imaonekera kuyambira 0x8000, nde 256KB singalowe yonse, ka chip ka MMC1 kamasinthanitsa zidutswa za 16KB, ma bank. Pointer ikati 0x8200 ikutanthauza 0x200 kuchokera pomwe bank imeneyo yayambira. Uchotse 0x8000, uphatikize poyambira bank, uphatikize 16 ya header

Yami: iiii header ndinaiwaladi. Dikirani

Dalitso: ine pano ndangomva bank basi, ndalama zake zili kuti

Ankolo Banda: Dalitso taganiza windo la pa tuckshop. Shopu ndi yayikulu mkati koma iwe umaona zomwe zili pawindo, ukafuna sopo wogulitsa achotse buledi aike sopo. Bank switching ndi imeneyo

Dalitso: aaa nde ankolo mukanayamba inuyo kufotokoza, awa akutiopseza ndi ma 0x

Chisomo: Admin pano. Kambani momasuka koma musaponye ma link a ROM pagulu, tinagwirizana kale. Zithunzi ndi code yanu ponyani

Yami: Zayamba kuoneka!!! Ndikuona chilumba, ndikuona nkhalango, tauni yoyambira ya Coneria iyo ili apo. Koma pali china, kumwamba kwa mapu mizere ingapo ndi yakuda bii, ndipo ina yakuda ili apo ndi apo pomwe payenera kukhala nyanja yokhayokha

Thoko: kkkk ndimadikira zimenezo. Mzere wa nyanja yokhayokha ukufuna kubwereza ka 256, koma byte imathera pa 255. Nde amalemba 0. Code ya gemu imayamba yaika bwalo, kenako ichotse 1, kenako ione ngati yafika pa ziro. Ukachotsa 1 pa 0 mu byte umabwerera pa 255, nde imazungulira mpaka ka 256. Python yako ikaona 0 ikungoti palibe choika. Lemba kuti ikakhala 0 ikhale 256

Yami: zoona ndinalemba range ya nambalayo mwachindunji. Anthu amenewa anali ochenjera bwanji

Thoko: Analemba code ya gemu imeneyo ndi Nasir Gebelli, wochokera ku Iran, anayamba kutchuka ndi magemu a pa Apple II omwenso ndi 6502, nde makinawa ankawadziwa ngati kumunda kwawo

Gift: Ndipo kuzungulira kwa byte komweko ndi komwe kumapangitsa kuti ukakwera chombo cha m'mwamba nkumapita kum'mawa osaima ukatulukire kumadzulo. 255 kuphatikiza 1 ndi 0, sanavutike kulemba china chilichonse. Koma taonani chodabwitsa, ukapita kumpoto umatulukiranso kumwera. Dziko lenileni silitero, ukadutsa kumpoto kwenikweni umatsikira mbali ina ya dziko, sufika kumwera. Ndiye kuti dziko la Final Fantasy si mpira, ndi donati, lili ndi bowo pakati

Dalitso: dziko la donati kkkkkk nde Mbudzi roundabout imeneyo, umangozungulira

Mai a Tadala: Inu Mbudzi anaimanga kale zina, mukadali m'mbuyo

Madala Mbewe: Ine funso langa ndi ili. Mwati makinawo ndi aumphawi. Tsono akamasula mapu onsewo amawayala pati? Simungasakanize simenti ya nyumba yonse tsiku limodzi, malo osakanizira ndi ochepa ndipo iuma

Thoko: Funso labwino madala, ndipo yankho lake mwaliyankha nokha. NES ili ndi RAM ya 2KB yokha. Katiriji ya Final Fantasy inawonjezera 8KB ina, yomwe ija ya batire. Mapu onse omasula ndi 64KB, sangakwane olo pang'ono. Nde imamasula mizere 16 yokha nthawi imodzi, 16 kuchulukitsa 256 ndi 4096, 4KB. Sikirini imaonetsa mizere 15. Mukaponda sitepe imodzi kumwera imamasula mzere umodzi watsopano nkuulemba pamwamba pa wakale womwe watsala kumbuyo. Ndi chifukwa chake anapanikiza mzere uliwonse pawokha ndi pointer yake, kuti athe kudumphira pa mzere 140 osayamba wawerenga 139 yam'mbuyo

Thoko: matauni ndi mapanga ndi 64 kwa 64, nayonso 4096 ndendende, nde amenewo amamasulidwa onse ukangolowa pakhomo, m'malo omwe aja. Ukatuluka imamanganso mizere ya panja

Madala Mbewe: Ndiye kuti kumbuyo kwa munthuyo dziko likugumuka, kutsogolo likumangidwa

Thoko: Eeh, iye osadziwa kanthu

Ankolo Banda: Zimenezi mutha kuziona ndi maso. Yami tsegula gemu mu FCEUX kapena Mesen, mapulogalamu oseweretsa magemu a NES pa kompyuta, pali windo la nametable viewer. Uyende pang'onopang'ono uziyang'ana windolo osati gemu. Uona mzere watsopano ukulembedwa m'mphepete usanafike pa sikirini. Ine tsiku loyamba kuona zimenezo ndinakhala ola lathunthu kasitomala akudikira foni yake, ndinachita kumunamiza kuti ikutchaja

Ankolo Banda: ndipo pamagemu ena mumaona timitundu tolakwika m'mphepete mwa sikirini mukamayenda. Pa TV zathu zakale za chimsana zija m'mphepetemo munkabisika ndi pulasitiki, opanga ankadalira zimenezo. Pano pa flat screen zonse zili poyera

Mphatso: Ndalowa mochedwa koma ndisanene bodza Final Fantasy inali yolemera kale. Kaoneni Dragon Quest ya 1986, katiriji yonse 64KB. Foto imodzi ya pa foni yanu ndi yayikulu kuposa pamenepo kambirimbiri. Dziko lake 120 kwa 120 ndipo RLE yake ndi yothina kuposa, byte imodzi anaidula pakati, theka lakumwamba mtundu wa bwalo theka lakumunsi kangati. Theka la byte limafika 16 basi nde mitundu isapitilire 16 ndipo kubwereza kusapitilire 16, nyanja yaitali amailemba kangapo

Mphatso: m'matauni sanapanikize ndi RLE, anangoika mabwalo awiri mu byte imodzi. Malo anali ochepa mpaka zilembo za katakana sanaike zonse, anasankha 20 zokha nde mayina a zilombo ndi matsenga amayenera kukwana mu zilembo zomwezo. Ku Japan inalibe ndi batire lomwe, umalemba password ya zilembo 20 papepala, ukalakwitsa chimodzi basi zako zada. Batire inabwera pomwe inatuluka ku America mu 1989 ndi dzina la Dragon Warrior

Yami: nanga bwanji matauni sanapanikize

Mphatso: Taganiza, mutauni muli khoma, njira, khoma, kauntala, udzu, zinthu zikusinthasintha bwalo lililonse. RLE imapindula pomwe zinthu zofanana zandondozana. Pomwe zikusinthasintha umatha byte yathunthu pa bwalo limodzi, pamene njira inayo byte yomweyo yanyamula awiri

Mai a Tadala: Ngati kumsika wa kaunjika wa Mupedzanhamo, tebulo lililonse zake zake, sungati bwereza

Gift: Koma kwa ine mfumu ya zonsezi ndi Pokémon ya pa Game Boy, 1996. Iwo anakweranso sitepe ina. Block imodzi ndi matailosi 4 kwa 4, ma pixel 32 kwa 32, ndiye kuti masitepe awiri mbali iliyonse. Pallet Town yonse, nyumba yanu, ya mnzako uja, labu ya Oak, mpanda, madzi, ndi ma block 10 kwa 9. Ma byte 90. Meseji ndikulembayi yadutsa kale 90

Dalitso: mudzi wonse 90?? lendi yake ndi zingati ndisamukireko

Gift: kkkk ndipo sanachite mapu amodzi aakulu ngati Final Fantasy. Tauni iliyonse, njira iliyonse ndi kamapu pakokha kokhala ndi header yake: tileset iti, m'litali, m'lifupi, ndi ma connection, kumpoto ndalumikizana ndi Route 1, kumwera ndi Route 21. Ukayandikira malire gemu imakopera kamzere ka mapu oyandikana nawo nkukamata m'mphepete kuti uziona ngati dziko ndi limodzi. Kunja komwe kulibe connection imangodzaza ndi block imodzi yobwerezabwereza, mitengo kapena madzi. Zitseko, zikwangwani ndi anthu zili pa ndandanda wina, x ndi y wake, sizili mu ma block

Gift: anthu anaimasula gemu yonse kukhala code yowerengeka, pokered pa GitHub, mafayilo a mapu ndi a .blk ndipo pali pulogalamu ya Polished Map yowatsegulira. Yami ukatha Final Fantasy yesa imeneyo, kulumikiza ma connection onse kuti Kanto yonse, dziko la gemuyo, ituluke chithunzi chimodzi, ndi ntchito yokoma

Thoko: Gift fotokoza za MissingNo, chilombo chotuluka molakwika mu Pokémon chija, ndi nkhani ya mapu imene ija ngakhale anthu amaiyesa ufiti

Gift: Eeeh. Mdala wa ku Viridian uja akamakuonetsa kagwiridwe ka Pokémon, gemu imafuna ilembe OLD MAN pomwe pamakhala dzina lako, nde dzina lako imakaliika kaye pamalo pomwe pamakhala ndandanda wa zilombo za mu udzu, poganiza kuti ukalowa mapu ena okhala ndi udzu ndandandawo ulembedwanso. Koma ukauluka kupita Cinnabar, kulibe udzu, nde dzina lako likadali pompo. Tsono gombe lakum'mawa kwa Cinnabar, bwalo lomwe ukusambirapo lili ndi matailosi anayi, lakumanja ndi madzi lakumanzere ndi gombe. Mu version ya Chingerezi gemu imayang'ana tailosi yapansi kumanja kuti ione ngati pangatuluke chilombo, yaona madzi yati eya, kenako imayang'ana yapansi kumanzere kuti isankhe ndandanda, yaona si madzi yati ndiye wa udzu. Ikakawerenga wa udzu ikupeza zilembo za dzina lako nkuziyesa manambala a Pokémon

Mai a Tadala: Ndiye kuti chilombocho ndi dzina la mwini wake? Zoopsa kkkk

Gift: Ndithu anti, zilombo zotuluka zimasiyana malinga ndi dzina lomwe unalemba

Dalitso: ine nkalemba Dalitso patuluka traffic police

Mphatso: Final Fantasy nayo ili nako kofanana. Zilombo za panja sanaziike bwalo ndi bwalo, anadula dziko mu zigawo 8 kwa 8, chilichonse mabwalo 32 kwa 32, chigawo chilichonse ndandanda wake. Nde kumpoto chakum'mawa kwa Pravoka kuli kansonga ka mtunda komwe kanalowerera chigawo cha kumpoto cha zilombo zamphamvu zomwe umayenera kukumana nazo mochedwa. Osewera anakatcha Peninsula of Power, amapita kukakolola experience msanga. Yami ukajambula mizere pa 32 iliyonse pamwamba pa mapu ako ukaona ndi maso kuti timabwalo tingapo tadumpha mzere

Yami: imeneyo ndiyesa usiku uno magetsi akabwera, laputopu yatsala 11%

Lusayo: Palibe watchula Zelda? Njira yake ndi yosiyana ndi zonsezi. Dziko lake ndi masikirini 16 kwa 8, onse 128, ndipo sikirini iliyonse imamangidwa ndi mizati 16 yoimilira, mzati uliwonse mabwalo 11. Mizatiyo ilipo yowerengeka yosungidwa kamodzi, sikirini imangotchula kuti mzati uwu, uwu, uwu. Ukaidziwa nkhaniyi ukamasewera umayamba kuzindikira mzati womwewo wa mitengo malo khumi

Mphatso: Zelda si RPG achimwene

Lusayo: Tayambanso. Lupanga lilipo, mapanga alipo, mdala wopereka malangizo alipo

Mphatso: Level ilipo? Experience ilipo? Zelda yachiwiri ija yokha ndi yomwe ili nazo

Chisomo: Mkangano uwu tinauchita mwezi wa March mpaka anthu awiri anatuluka pagulu, chonde

Lusayo: kkkk chabwino admin. Ndingomaliza, mapanga ake nawo anawalowetsana ngati zidutswa mu gridi imodzi kuti pasatayike malo, nchifukwa chake mawonekedwe ake ndi achilendo, lina chiwombankhanga lina mwezi. Ndipo Second Quest inabadwa chifukwa Tezuka, mmodzi wa opanga gemuyo, anapezeka wagwiritsa theka lokha la malo omwe anapatsidwa, nde anati theka linalo tiikemo ulendo wachiwiri

Madala Mbewe: Njerwa zikatsala umamanga khola la nkhuku

Yami: Mwadzuka bwanji. Magetsi anabwera cha m'ma 11 usiku nde sindinagone. Mapu atuluka onse bwinobwino, ndaponya pamwambapa. Mizere ya 32 ndajambula ndipo kansonga ka a Mphatso kakuonekadi, kadumpha mzere pang'ono chabe

Yami: koma ndinachitanso china. M'malo mopaka mtundu wa bwalo ndinapaka malinga ndi mtengo wake, pomwe run ndi yaitali ndapaka buluu, pomwe bwalo lililonse ladya byte yakeyake ndapaka kufiira. Chithunzi chachiwiricho. Nyanja yonse ndi yaulere pafupifupi, chipululu chotchipa, koma magombe, mitsinje, m'mphepete mwa mapiri ndi nkhalango ndi mofiira mokhamokha chifukwa ngodya iliyonse ndi bwalo lakelake

Thoko: Ichi nde chokongola kuposa mapu enieniwo. Taonani mitsinje yoyenda kumpoto kupita kumwera momwe yafiirira, imadula run ya mzere uliwonse womwe yadutsa. Woyenda chopingasa ndi wotchipa chifukwa wagona motsatira mzere

Mphatso: Nde ukamaona nyanja zikuluzikulu m'magemu amenewa uzidziwa kuti ndi bajeti

Thoko: Pang'ono pokha Mphatso, osakokomeza. Nyanja ilinso ndi ntchito mugemu, imakutsekera mpaka upeze sitima. Ine ndimaona ngati zinangogwirizana, chotchipa chinapezekanso chothandiza

Ankolo Banda: Mwana wagwira ntchito uyu. Ubwere nazo kushopu Loweruka, pali mnyamata wa printing pafupi nane ali ndi makina a A1

Gift: Kenako upite ku SNES, makina otsatira NES, ukaone Mode 7. Kumeneko layer imodzi ndi matailosi 128 kwa 128, ma pixel 1024 mbali iliyonse, makina amatha kuizunguza ndi kuikulitsa, ndipo akamasintha kakulidwe pa mzere uliwonse wa sikirini imaoneka ngati yagona mpaka kutali. Chombo cha mu Final Fantasy VI ya 1994 chija. Ukatsegula tilemap viewer uona kuti pansi pake ndi mphasa yafulati ya matailosi yomweyi

Yami: Pang'onopang'ono akulu kkkk. Panopa ndili ndi maganizo ena, ndikufuna ndipange Mbare ya kuno ku Harare mu Tiled, pulogalamu yojambulira mapu a magemu, ndi malamulo a NES, mabwalo a 16, mitundu inayi pa bwalo, kenako ndiipanikize ndi RLE yanga ndione idya ma byte angati. Ma flat a Matapi ndi Matererini nzosavuta, block imodzi kubwereza. Sitediyamu ya Rufaro ndi bwalo lobiriwira, run zazitali. Mtsinje wa Mukuvisi ndiwo undidyera malo

Mai a Tadala: Musika sungaupanikize mwana wanga, ufiira wonse. Ndipo uikemo tebulo langa

Dalitso: zilombo za random encounter, zotulukira mwadzidzidzi zija, ndikupatsa ine ndandanda, chigawo cha ku rank ndikuchidziwa bwino

Madala Mbewe: Ma flat aja si ofanana onse monga ukuganizira, masitepe ena ali pakati ena kumapeto. Upite ukaone ndi maso usanapange chikombole chako, udzachita manyazi anthu a komweko akadzaona

Yami: Ndipita Loweruka lomwelo ndikachoka kwa ankolo. Anti ndidzakupezani cha m'ma 2, mundisungire malo ojambulira

Mai a Tadala: Ubwere ndi kapepala osati foni m'manja, ku Musika kumeneko